Amati Emama Gedamnesh Amaopa Ndege

Ndege ine sindiikonda, ndipo sindibisa. Ndayendetsa basi pakati pa Lalibela ndi Gondar mpaka tsitsi kuyera, msana kupindika ngati chogwirira cha ambulera. Ulendo umenewu unkandidyera tsiku lathunthu, kunyamuka kusanache n'kukafika dzuwa litapendeka. Ndiye lero kachitsulo kena kaziudumpha khofi asanathe? Inde, asanathe! Mkazi wanga akayamba kukazinga khofi ndege ikunyamuka kumusi ku Shumsheha, tikamamwa kapu yachiwiri anthu aja akutsika kale ku Gondar. Yachitatu timamwa iwo ali m'matakisi. Ulendo wanji wopanda ndi fumbi lomwe? Koma nkhaniyi si ya ine Destaw. Ndi ya Emama Gedamnesh, amene tauni yonse imawaseka kuti amaopa ndege.

Mukafika pamsika wa Loweruka mudzawapeza kumapeto kwa mzere wa tsabola, atakhala pachikopa, akugulitsa tsabola wosinja okha. Ndi mayi wamfupi, wouma ngati nkhuni, wa mtanda wa mphini pamphumi. Sanyengerera wogula. Ukati mtengo wakwera amakuuza kuti kagule dothi lofiira la anzawowo. Koma tsabola ndi wongodyerapo chabe. Ntchito imene timawadziwa nayo ndi ina. Kunyumba kukagwa zovuta, mwana wa pakhomopo ali kutali kusukulu kapena kuntchito, idiri, bungwe lathu la maliro, limatuma iwo kuti akamutenge.

Uthenga wa imfa sauponya ngati mwala, aliyense amadziwa zimenezo. Koma Emama anali ndi malamulo awoawo, ndipo ankawanena ngati akuwerenga pemphero. Munthu wanjala samuuza. Munthu ali yekha samuuza. Munthu amene mapazi ake sali pansi samuuza, chifukwa akamva amafuna nthaka yoti adzigwetsepo ndi manja oti amuwakhe. Bodza lenileni ankalipewa. Ankangodula zoona m'tizidutswa n'kumamupatsa munthu kamodzikamodzi.

Malamulo amenewa sanawatole pamsewu. Ali mtsikana, nthawi ya nkhondo ija, anali ndi mwana wongoyamba kuyenda, Setegn, ndi wina m'mimba. Tsiku lina akukwera chitunda kuchokera kumtsinje, mtsuko wodzaza uli kumsana, munthu wina wa pabulu anawakuwira ali tsidya la chigwa: “Gedamnesh! Mwamuna wako uja amuwombera!” Ameneyo ankaona ngati wathandiza. Anagwa n'kugubuduka pamiyala ndi mtsuko womwe, ndipo pamene anthu ankawatola mimba inali itapita padera. Nkhaniyi ndinamva kwa akazi anzawo. Chimene ndinamva pakamwa pa eni ake n'chimodzi chokha: “Destaw, imfa imapha mmodzi. Wachiwiriyo amaphedwa ndi pakamwa.”

Ntchito yawo ndinkaionera pagalasi langa loonera kumbuyo. Ndikangoona Emama akukwera ndi munthu ku Gondar, wailesi ndinkazimitsa, ndipo kondakitala ankadziwa kuti lero nthabwala zake zigone m'thumba. Ankamukhazika munthuyo kuwindo, iwo kunjira. Ponyamuka ankangoti, “Amayi ako anadwala, ukufunika kwanu.” Ku Addis Zemen, pamene tinkaima kuti anthu adye, ankamudyetsa ndi dzanja lawo, nthongo ya injera, mkate wathu wopyapyala uja, yaikulu ngati chibakera, ndipo kukana kunalibe. Tikamakwera zitunda za Debre Tabor matenda aja ankakula: “Chakudya chinasiya kulowa. Ansembe anabwera.” Pozizira paja pa Nefas Mewcha ankayamba nkhani za mwini matendayo, za ubwana wake, zoseketsa zomwe, mpaka munthu kuseka misozi ili m'maso. Tikakhota pa Gashena ankangokhala chete atagwira dzanja. Powoloka mtsinje wa Tekeze munthu anali atadziwa kale mumtima, koma atadziwa pang'onopang'ono, ngati kulowa m'madzi ozizira kuyambira kumapazi. Mawu enieniwo ankakawanena pansi, pakati pa abale, atatembenuza netela yawo, nsalu yoyera ija, kuti mbali yokongoletsedwa ikhale kumutu monga timachitira pamaliro.

Msewu wanga ndi umene unali chida chawo, ndipo ndinkanyada nazo, ndisaname. Koma njira imeneyi inali ndi chilonda chake. Mtembo sugona masiku. Basi inkanyamuka kamodzi, kusanache. Kupita tsiku, kubwera tsiku, ndiye ofedwa onse amene Emama ankabwera nawo ankapeza manda atatseka kale. Ankalira pamulu wa dothi. Tsiku lina nditawaona atakhumata chifukwa cha zimenezi ndinati, “Emama, kuthamanga sikufika.” Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa. “Kuchedwa nakonso sikufika, Destaw.” Za ndege panalibe ankaziganizira. Ndege inali ya azungu odzaona matchalitchi ndi ya anthu a mataye. Ife tinkangoiyang'ana ikamadutsa.

Setegn uja anakula n'kukhala mmisiri womanga nyumba. Anakwatira Wubalem, mtsikana wa maso akuthwa amene ankaphunzira unamwino ku Gondar, ndipo mnyamatayo ankasenza miyala usana wonse kuti mkazi wake amalize sukulu. Chaka chimene ndikunenachi ine ndinali nditasiya basi, ndikungoyendetsa minibasi ya mlamu wanga pakafunika. Wubalem anali woyembekezera, mimba yoonekera patali, mwana woyamba. Mmawa wina mitengo ya bulugamu imene omanga amakwerapo inathyoka pahotela ina yatsopano kumtunda, Setegn ali pamwamba penipeni. Sanalankhule ndi liwu limodzi lomwe.

Lipenga la idiri litalira ndinathamangira kwa Emama. Ndinapeza akazi ayamba kale kudziguguda pachifuwa, amuna akuzika tenti, koma mwini mwana atangokhala pakhomo, m'maso muli gwa, netela ili chivalire cha masiku onse. Wapampando wa idiri anabwera ndi mawu ochokera kwa ansembe: adikira mpaka mawa dzuwa lili pamutu, osapitirira. Basi inali itapita kalekale.

“Tingomuimbira foni Wubalem,” anatero mnyamata wina kumbuyo. “Masiku ano zonse n'zapafoni.”

“Amene akhudze foni,” anatero Emama osakweza mawu, “dzanja limenelo ndithyola ndine. Ndege ya masana ano ikupita ku Gondar. Ya mawa mmawa ikubwera kuno. Idiri ili ndi thumba, itulutse.”

Wapampando anakanda ndevu. “Chabwino, Emama, zimenezo titha. Koma titume ndani?”

“Ndipita ndine.”

Aaa, kunali chiphokoso! Ngakhale olira aja analeka kaye. Wina akuti mayiwa mutu wasokonekera ndi chisoni, wina akuti agwireni. Wapampando anagwada pafupi nawo. “Emama, taganizani bwino. Mayi kusiya mtembo wa mwana wake m'nyumba n'kukwera ulendo? Zinachitikapo kuti? Anthu adzati chiyani?”

“Ndi zomwezo ndikunenazo,” anayankha. “Aliyense amene mungatume, Wube akangomuona pachipata adziwa, ali chiimire, ali pakati pa anthu achilendo. Ntchito yanga akuidziwa, inde. Koma akaona ine adzati mayi sasiya mtembo wa mwana wake, ndiye kuti mwamuna wanga ali moyo. Uyu wagona m'nyumbamu sindingamudzutse. Amene ndikupita kukatenga ndi winayo, ali m'mimbayo. Ndinataya mmodzi pamiyala, wachiwiri sinditaya.”

Kenako anatembenukira kwa ine. “Destaw, vala jekete yako. Uthenga uwu sayenda nawo mmodzi.”

“Ine? M'ndege? Emama, ine ndine munthu wa matayala.”

“Lero ukhala wa mapiko. Fulumira.”

Analowa m'nyumba momwe munali mwana wawo, anatseka chitseko, ndipo sanakhalitsemo. Atatuluka anasamba kumaso. Anaitana akazi a idiri n'kuwauza kuti mawa mmawa akadikire pamkuyu uja wa pakhona lomaliza kumusi kwa tauni, pamene kulira kwa pamaliro sikumveka, atenge chikopa, madzi ndi mzamba. Anabwereka foni ya wapampando n'kuimbira mayi wa nyumba imene Wubalem ankachita lendi, Etiye Asnakech, kuti foni ya mtsikanayo isowe lero lomwe, asowetse mmene angasowetsere. Titatero tinatsetsereka paminibasi mpaka kubwalo la ndege, galimoto n'kuisiya komweko. Emama anachenjeza madalaivala a pabwalopo mmodzimmodzi kuti mawa wina asayerekeze kuvula chipewa mopepesa maliro.

Za ulendo wopita sindinena zambiri, chifukwa theka lake ndinali nditatsinzina. Chinthu chija chitayamba kuthamanga ndinaponda pansi kufuna buleki, buleki palibe. Ndinaitana oyera mtima onse amene ndimawadziwa, ena kawirikawiri. Emama? Anakhala ngati mwala, manja pamiyendo, maso pawindo. Ndi chikope chomwe sichinagwedezeke.

“Tsegula maso, nkhalamba iwe,” anatero. “Msewu wako uwo.”

Ndinasuzumira. Kalanga ine! Moyo wanga wonse unali pansi apo ngati ulusi wogwera pansalu. Zitunda zimene zinkawiritsa injini yanga zinali ngati mizere ya m'munda.

“Addis Zemen ndilibe,” anatero Emama motsitsa mawu, ngati akudziuza okha. “Debre Tabor ndilibe. Gashena ndilibe. Mawa mwanayu ndimukonzera pati mtima?”

Mtsikana wogwira ntchito m'ndege anatipatsa madzi m'tikapu, ndipo tisanamalize kumwa anabweranso kudzatenga tikaputo kuti tikutera.

Etiye Asnakech anatichingamira pachipata, maso ofiira. Foni anali ataikwirira m'thumba la ufa. Emama anamuuza kuti akasambe kumaso kapena akabisale kukhitchini. Posakhalitsa Wubalem anafika kuchokera kusukulu, dzanja lili pachiuno monga amayendera amayi a pakati. Atationa anaima nji. Ndinaona maso ake. Sanayang'ane nkhope zathu poyamba, anayang'ana netela ya Emama, mbali yokongoletsedwa ili kuti. Inali pamalo pake.

“Emama? Gashe Destaw? Kwagwanji?”

“Mwamuna wako wagwa pantchito, wavulala mutu kwambiri. Tabwera kudzakutenga, mawa tikwera ndege.”

Chikwama chinamupulumuka. “Wamwalira? Emama, wamwalira?”

“Tandiyang'ana. Ine ndine ndani wake Setegn?”

“Amayi ake.”

“Ndiye leka kundifunsa mafunso ndili chiimire pachipata ngati wopempha. Ndipatse madzi ndisambe m'manja, njala yandipha.”

Ndinaona mapewa a mtsikanayo akutsika. Analingalira monga mmene Emama ananenera, liwu ndi liwu. Anatilowetsa, anabweretsa injera ndi ndiwo za shiro, tinazungulira dengu. Abale, ndaona zinthu pamsewu, ngozi ndi zina, koma chakudya chimenecho sindidzachiiwala. Mayi wofedwa sadya, aliyense amadziwa, ndiye Emama anadya. Anadya ngati wabwera kuukwati. Wubalem anakulunga nthongo yaikulu n'kuwaika m'kamwa mwa ulemu wa mpongozi, iwo anatafuna, anameza, n'kumubwezera ina yoposa. Ine ndinangokhala osadya. Ndinangomva chidendene chawo chikundiponda pachala. Ndinadya.

Wubalem anasaka foni yake nyumba yonse, pansi pa bedi, m'mabuku, m'thumba la yunifolomu. “Gashe, ndibwerekeni yanu ndingomva mawu a munthu wa kumeneko.”

“Yatha moto, mwana wanga,” ndinatero. Ine kunama sikundivuta, ndakhala ndikuuza apaulendo kuti tatsala pang'ono kufika moyo wanga wonse.

Mmawa Emama sanalole kuti tituluke mtsikanayo asanadye. Anamukhalira pambali mpaka mbale kuyera. Lamulo loyamba linatheka. M'ndege awiriwo anakhala pamodzi, Wubalem kuwindo, Emama kunjira, ine tsidya la kanjira kaja. Munadzaza azungu a zipewa ndi makamera, ndipo kutsogolo kwanga kunali mnyamata wina wa suti wonunkhira mafuta. Chitseko anatseka. Wubalem anamanga lamba kunsi kwa mimba yake. Koma mtsikana wa maso akuthwa akagona ndi nkhani amadzuka ndi mafunso. Ndege itayamba kuthamanga anatembenuka.

“Emama, ngati wavulala mutu kwambiri, bwanji simunabwere naye kuchipatala chachikulu cha kuno pandege yomweyi? Bwanji mukutenga ine m'malo motenga iye?”

Emama anangoyang'ana kutsogolo.

“Emama, ndiyankheni. Ndine namwino ine, musandibise.”

Matayala anasiya nthaka nthawi yomweyo. Chitseko chokhoma, anthu achilendo mbali zonse, mimba yomangidwa ndi lamba, pansi pakuthawa. Ndinati basi, zathera pano.

Kenako kunamveka mfuu.

“Mayo ine! Mariya Woyera! Wube, ndigwire! Ndigwire, ndikufa ine!”

Emama anamukumbatira mtsikanayo, mutu n'kuuika pachifuwa pake, ndipo analira. Azungu onse anatembenuka. Wa suti uja anaseka mpaka kugwira pamimba. “Agogo, mukanangokwera bulu! Ndege si ya aliyense!” Ena anasekera m'manja. Ine poyamba ndinadabwa, ndinati mayi amene dzulo anakhala ngati mwala lero zatani? Koma nditatchera khutu ndinazindikira. Kulira kumeneko ndimakudziwa. Kwa mantha kumachokera pakhosi. Uku kunkachokera kunsi kwa mimba, kulira kumene anakumeza pakhomo pawo, pachipata cha ku Gondar ndi padengu la injera lija. Anali atapeza malo amodzi okha padziko lonse pamene akanatha kulirira mwana wawo popanda wina kufunsa kuti wamwalira ndani.

“Iwe wa suti,” ndinatero, “tseka pakamwa, ndingakutsitse pompano!” Ndinaiwala kuti si basi yanga. Koma anatseka.

Funso lija linathera pomwepo, chifukwa namwino anali wapeza wodwala. “Pumani pang'onopang'ono, Emama. Tsinzinani. Sikugwa ayi, ndi mphepo chabe.” Anawapukuta kumaso ndi nsonga ya netela, anaitanitsa madzi, anawasisita kumsana. Mtsikana wa m'ndege uja anabwera kudzagwada pambali n'kumawauza kuti ulendowu ndi waufupi, tifika pompano. Emama ankangoti, “Mwana wanga, mwana wanga,” ndipo Wubalem ankayankha kuti, “Ndili pompano, Emama, ndili pompano.” Ndinaona dzanja la mayiwo, louma lija, lili pamimba ya mpongozi wawo, osachokapo. Ine ndinayang'ana kudenga n'kumapemphera, ulendo uno osati kuti ndege isagwe, koma kuti ifike msanga. Ndipo kwa nthawi yoyamba ndinayamika kuti chinthuchi n'chachangu. Ukanakhala ulendo wa basi yanga, mayiwo sakanatha kulira kuyambira Gondar mpaka Gashena.

Matayala atangogunda pansi misozi inaleka ngati atseka mpopi. Anamina, anakonza netela, anaimirira woyamba. Panja madalaivala aja anayang'ana kumbali monga anawauzira, zipewa zili kumutu. Mlonda wina wokalamba, amene dzulo kunalibe, anayamba kubwera atatambasula manja, pakamwa patatseguka kale kuti apepese. Ndinamuponda phazi mwamphamvu mpaka anaiwala zimene amafuna kunena.

Titakwera minibasi Emama anandigwira paphewa. “Destaw, uyendetse ngati chibasi chako chakale chija chikamakwera Debre Tabor.”

Ndinayang'ana dzuwa. Linali litakwera ndithu. “Emama, nthawi...”

“Nthawi ndikuiona ndine. Iwe ndipatse msewu.”

Ndinawapatsa. Kuchokera kubwalo la ndege kukwera kutauni, mnyamata wa magazi otentha amafika tiyi asanazizire. Ine ndinaika giya yoyamba n'kuisiya momwemo. Magalimoto a azungu anatipitirira akuliza hutala. Abulu osenza nkhuni anatipitirira. Mayi wina woyenda pansi anatifunsa ngati tikufuna kukankhidwa. Manyazi a dalaivala ndinawameza, maso ali pagalasi langa loonera kumbuyo ngati kale.

Ndipo ndinaona msewu wonse wa tsiku lathunthu ukupindidwa n'kulowa m'kachitunda kamodzi. Pakhona loyamba anati, “Anagwa kuchokera pamwamba penipeni, Wube. Anzake anathamanga naye, koma sanatsegule maso.” Patsogolo pang'ono anati, “Adokotala anamuona. Ansembe anabwera.” Kenako anayamba nkhani ya Setegn ali kamwana, mmene anakwerera mumtengo kukaba uchi wa aneba, njuchi n'kumuluma nkhope yonse mpaka maso kutsekeka, n'kubwera kunyumba akukana kuti sanapiteko, uchi uli chuchuchu m'zigongono. Wubalem anaseka, misozi ikutsika. “Mpaka lero sadziwa kunama,” anatero. Emama anangomugwira dzanja, ndipo kuyambira pamenepo munalibenso mawu m'galimoto. Mtsikanayo sanafunsenso kanthu.

Pamkuyu paja akazi a idiri anali chiimire, netela zotembenuza, chikopa atayala pamthunzi. Ndinaimitsa. Emama anatsika, anamutsitsa mpongozi wawo ngati akutsitsa mtsuko wodzaza, anamukhazika pachikopa, anamuvula nsapato. Mzamba anakhala kumbuyo kwake n'kumukumbatira, akazi ena uku ndi uku. Pamenepo Emama anagwada kutsogolo kwake, anavula netela, anaitembenuza, n'kuifundanso.

“Wube, mwana wanga, Setegn watisiya. Anapita dzulo mmawa. Sanavutike.”

Mfuu imene inatuluka inabalalitsa mbalame zonse mumkuyumo. Anadziponya kutsogolo, koma anagwera m'manja. Anadziponya chammbali, manja anali pomwepo. Mzamba sanachotse zikhato pamimba, ankangonong'oneza kuti lira, mwana wanga, lira, koma upume. Emama sanalire. Anagwira mapazi a mtsikanayo n'kuwakanikiza pansi, maso ali pankhope ya mzamba. Ine ndinaima kuseri kwa minibasi, chipewa m'manja, ndikulira ngati mwana, ndipo sindichita nazo manyazi.

Patapita nthawi mzamba anayang'ana Emama n'kugwedeza mutu kuti zili bwino, wam'katiyo akusuntha. Anamumwetsa madzi Wubalem. Atapeza mpweya analankhula, mawu atasasa.

“Ndinadziwa m'ndege muja, Emama. Kumene kuja sikunali kulira kwa mantha.”

Emama anadzidzimuka. “Nanga bwanji unaleka kufunsa?”

“Ndinaona kuti mukufuna kulira, ndipo panalibe wina woti akugwireni.”

Akuluakulu amati maliro n'kulirana. Ine mwambi umenewu ndinaumvetsa tsiku limenelo, pamene mayi ndi mpongozi anagundanitsa mphumi pansi pa mkuyu, osadziwika kuti akutonthoza mnzake ndani.

Kenako Emama anadzuka n'kundiyang'ana. “Waima chiyani, Destaw? Tsopano thamanga.” Ndinathamanga, abulu aja ndinawabwezera. Tinafika dzuwa litatsala pang'ono kuima pamutu, ansembe atafika kale ndi maambulera awo, bokosi lisanatuluke m'nyumba. Wubalem analowa, anaona nkhope ya mwamuna wake, anamuperekeza ndi mapazi ake mpaka kutchalitchi. Mwa anthu onse amene Emama anakawatenga moyo wawo wonse, iye anali woyamba kupeza manda asanatseke.

Mvula itayamba kunabadwa mwana wamwamuna, wolira mokweza ngati lipenga la idiri. Anamutcha Mitiku, dzina limene timapatsa mwana wobwera m'malo mwa wina. Wubalem anabwerera kukamaliza sukulu, ndipo lero ndi namwino konkuno. Idiri tsopano imatuma pandege nthawi zonse pakatheka, mkuyu uja ndiwo wasanduka malo ouzirapo, ndipo ine, dalaivala amene ndinkadzitama ndi liwiro pazitunda, ntchito yanga yaukalamba ndi kukwera phiri pagiya yoyamba.

Koma nkhani ya kulira kuja inatsika m'ndege limodzi ndi ife. Kaya ndi wa suti uja, kaya ndani, pofika Loweruka msika wonse unali utamva. Mpaka lero ndege ikamadutsa, amayi a mzere wa tsabola amakuwa kuti, “Emama, bisalani, mdani wanu uyo!” Amati mayi amene saopa mtembo amaopa kachitsulo ka mapiko. Ine zimandipsetsa mtima, ndipo ndinawauzapo kuti ndiloleni ndiwatseke pakamwa anthuwa. Anandikaniza. “Asiye aseke, Destaw. Zikukupweteka pati?”

Mitiku tsopano amathamangathamanga pamsikapo, ndipo naye anamva kuti agogo ake amaopa ndege. Ikangomveka kumwamba amasiya chilichonse chimene akuchita, amathamangira pachikopa paja, n'kuwatseka makutu ndi timanja take tofiira ndi tsabola.

“Musaope, Emama,” amatero. “Ndili pompano.”

Iwo amatsinzina, n'kumusiya awagwire mpaka ndegeyo itapita.